Kachirombo Kosintha Majekete

4 Febuluwale

Achemwali,

Moni. Muli bwanji kumeneko ndi tizirombo tanu ta mu labu? Kuno tonse tili bwino, kupatula bambo, amene akuti ali bwino kuposa tonse.

Ndalemba kalata chifukwa ndikati ndikuimbireni foni bambo amabwera kudzakhala pafupi, makutu tcheru, ndipo ndikangotchula mawu oti chipatala amayamba kutsokomola mokweza kuti musamve. Ndapatsira adalaivala a lole ya simenti, poti amadutsa kuntchito kwanu.

Sabata yatha bambo thupi linatentha, mano akugundana, mabulangete awiri pamwamba pa yunifomu. Anagula timapiritsi pagolosale, kumwa pang'ono, thukuta kamukamu, m'mawa mwake n'kudzuka akuimba mluzu. Totsalato anatiika m'thumba la malaya, akuti ndi ta nkhondo ina. Tsopano nkhondo inayo yabwera, koma timapiritsito tinachapidwa limodzi ndi malayawo. Kuntchito akupitabe. Amakakhala pageti la kosungira simenti kuja, chibonga pamwendo, akunjenjemera mpaka mpando kumalira.

Ndikawauza za kukayezetsa magazi amandiyang'ana ngati ndawatukwana. Akuti munthu amene walondera geti zaka zonsezi, osatulukapo ngakhale thumba limodzi mwakuba, sangalowedwe ndi kanthu kosaoneka ndi maso. Akuti asilikali a m'thupi mwawo anawaphunzitsa iwo eni. Chonde alembereni. Inu amakumverani, poti munavala magalasi muli mwana. Ine ndikalankhula amangoona kamwana kaja kanameza batani.

Nkhani ina, koma musaseke. Pali munthu. Amagulitsa majekete a kaunjika pamsika, ndipo kuti anthu aone katundu wake amavala jekete lina tsiku lililonse. Anthu amangowatcha a Majekete. Abwerako kangapo kudzapereka moni. Bambo sanawayankhe china kupatula "hmm", ndipo hmm wa bambo mumamudziwa.

Ndiuzeni za kumeneko. Nsapato zija zinakukwanani?

Ndine mng'ono wanu,
Chitsiriza


9 Febuluwale

Bambo,

Moni wambiri. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli pampando, osati mutaima padzuwa. Ine ndili bwino.

Inu mumati ntchito yanga ndi yosuzumira m'kachitoliro tsiku lonse. Lero ndikuuzeni zimene ndimaonamo, tikambirane ngati alonda awiri, pakuti inenso ndimalondera. Kungoti geti langa ndi kadontho ka magazi.

Asilikali a m'thupi mwanu ndi akatswiri, sindikutsutsa. Amagwira ntchito ngati inu: akaona wakuba kamodzi amasunga maonekedwe ake, akadzabweranso amam'mbwandira asanapereke n'komwe moni. Koma kachirombo ka malungo n'kakathyali. Kamalowa mwakachetechete udzudzu ukaluma, ndipo sikayamba n'kuba ayi. Kamapita kaye kuchiwindi, n'kukakhala phee ngati mlendo waulemu, kakudya, kakuswana, mwini nyumba osadziwa kanthu. Kakachuluka kamatuluka n'kulowa m'maselo ofiira a magazi, amene ali ngati matumba a simenti a pakampani pomwepo. Ndi mlonda uti amamasula thumba lolembedwa dzina la bwana wake?

Pali chipata chimodzi chimene kamachiopa: kapamba. Pamenepo magazi amasefedwa, ndipo thumba lililonse lotupa mokayikitsa limang'ambidwa. Ndiye kuti kasafikeko, kamaveka thumbalo jekete lomata, n'kukakamira kukhoma la mtsempha, anzake akudutsa. Asilikali aja akaliphunzira jeketelo n'kuyamba kugwira aliyense wovala lofiira, ena avala kale lobiriwira. Akaphunzira lobiriwira, kwabwera lina. Majekete ake ndi pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, Bambo. Asilikali anu akutha mpweya kuthamangitsa jekete la dzulo.

N'chifukwa chake thupi limazizira n'kudzatenthanso. Mukamaimba mluzu kuti mwapambana, iko kali kuseri kakusintha zovala. Timapiritsi ta pagolosale tinangokadzidzimutsa. Pitani kuchipatala akakuyezeni, ndipo mankhwala amene akakupatseni mukamwe onse mpaka lomaliza, ngakhale mutamva kuti mungathe kunyamula lole.

Mundiyankhe mutabwerako, mundiuze zimene apeza.

Ndine mwana wanu woyamba,
Magalasi


15 Febuluwale

LIPOTI

Iwe Magalasi,

Moni. Ine ndili bwino. Thupi likungotentha pang'ono chifukwa cha mkwiyo.

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditatseka chitseko. Ndamva. Ndiwe mwana wanzeru. Sunafune kutchula munthu m'kalata yodutsa m'manja mwa dalaivala, ndiye waphiphiritsa. Sukulu ija sinapite pachabe.

Ndaika mfundo zako pambali pa zimene ndaona ndi maso anga, ndipo zikugwirizana ngati loko ndi kiyi wake. Wati kamalowa ngati mlendo waulemu. Munthu uja amavula chipewa akadali kumsewu. Wati kamayamba ndi chiwindi. Tsiku loyamba kulowa m'nyumba muno anabwera ndi chiwindi cha ng'ombe chokulunga m'pepala, akuti ndi changa. Ndinadya, sindikana, chinali chofewa. Wati kamakakamira kukhoma. Iyeyu amaima chotsamira khoma la kukhitchini, kuseri kwa thanki ya madzi, pamene diso langa silifika ndikakhala pakhonde. Za majekete ndiye sindinenanso. Lolemba lofiira, Lachiwiri lobiriwira, ndendende mmene walembera. Unadziwa bwanji uli kutaliko?

Za kapamba ndinavutika nazo pang'ono, koma ndazindikira kuti ukunena azakhali ako. Ndiwo amasefa aliyense wolowa pano, ndipo munthu uja akangomva mawu awo amazungulira njira ina.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thumba limene akufuna kutuluka nalo pano ndikulidziwa, ndi mng'ono wakoyu, amene masiku ano akutsuka mbale imodzi mpaka kunyezimira bola ali pafupi ndi thanki.

Zimene ndachita ndi izi. Geti la panyumba ndaikapo loko wamkulu uja. Mpando wanga ndausunthira pomwepo. Amayi ogulitsa tomato pakona ndawabwereka wenzulo yanga yakale kuti akaona wa jekete lofiira aimbe. Vuto n'loti tsiku limenelo anabwera ndi la mizeremizere, ndipo amene anaimbiridwa wenzulo ndi wowerenga mamita a madzi. Tinapepesana.

Za chipatala ndaona kuti unangoikamo kuti dalaivala akasuzumira aganize ndi nkhani ya matenda. Wachita bwino.

Undilembere zina zimene kachirombo kameneka kamachita, ndikonzekere.

Bambo wako


19 Febuluwale

Bambo,

Moni. Ndawerenga lipoti lanu nditaima pakhonde la labu, ndipo anzanga anandibweretsera madzi poganiza kuti ndamva uthenga wa maliro.

Sindinaphiphiritse chilichonse. Ndikunena malungo, malungo enieni a udzudzu, amene ali m'magazi mwanu panopa. Munthu wa majeketeyo sindinamuonepo chibadwire. Kapamba ndi kapamba, ali kumanzere kunsi kwa nthiti zanu, ndipo azakhali asamve kuti mwawatcha choncho.

Ndikudziwa chimene chikukuwawani. Mukuona ngati kudwala n'kugona pageti. Ayi, Bambo. Tizirombo timeneti tinayamba kupusitsa asilikali a m'thupi kalekale, dziko lisanakhale ndi mageti. Ka matenda a kaodzera kali ndi majekete mazanamazana. Nyongolotsi ya likodzo ndiye mkulu wa onse: imadzikuta ndi zinthu za m'magazi a munthu yemweyo, kunena kwake imavala zovala za mwini nyumba, asilikali n'kumaidutsa akuiyesa wapabanja, zaka ndi zaka. Ndikunena izi kuti muone kuti kupusitsidwa ndi akatswiri otere si manyazi. Manyazi n'kukana thandizo.

Ndapempha tchuthi koma andiuza kuti ndidikire mwezi uthe. Sindingabwere kudzakunyamulani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Bambo. Tsekulani.

Chitsiriza andilembere msanga za mmene mwadzukira.

Mwana wanu,
Magalasi


27 Febuluwale

Achemwali,

Moni, ngakhale ndakukwiyirani.

Kalata yanu inagona sabata yathunthu kunsi kwa mpando wa lole. Yafika dzulo ikununkha dizilo, ndipo bola ikanagona komweko.

Mverani mmene zinagwirizanira. A Majekete, pofuna mtendere, anafufuza m'belo lonse mpaka kupeza jekete la khofi la zigamba m'zigongono, lofanana ndendende ndi la bambo lija amapita nalo kumisonkhano. Ankati bambo akaona aganiza kuti uyu ndi munthu wamakhalidwe ngati ine. Anafika pageti nthawi imene bambo anali pakati powerenga. Zoti "sindinaphiphiritse" bambo anadumpha, akuti zimenezo ndi za dalaivala. Anafika pa nyongolotsi yovala zovala za mwini nyumba, n'kudzutsa mutu, n'kuona jekete lawo litaima kunja kwa geti likumwetulira.

"Likodzo," anatero bambo, motsitsa mawu. Kenako anadzuka ndi chibonga.

A Majekete anathawa mpaka chipewa kutsala. Bambo sanapite patali. Miyendo inawakana, anakhala pansi m'maluwa a azakhali, ndipo tinachita kuwanyamula awiri. Ali m'manja mwathu ankalamulabe kuti chipewacho chisungidwe ngati umboni.

Tsopano ndisiye zoseka. Kuntchito alephera kupita. Chilichonse chimene adya chikubwerera. Maso asanduka achikasu. Masana ano ndawapeza akufunsa geti ngati lasaina m'buku la alendo. Koma pampando paja sachokapo, bulangete kumutu, loko m'manja. Akuti mlonda sasiya geti mdani ali panja. Azakhali anayesa kuwakalipira, iwo anangowayang'ana mwaulemu n'kunena kuti, "Inu pitirizani kusefa." Azakhali sanamve, ndipo ine sindinamasulire.

Ndikuopa, achemwali. Ndikuopa kwambiri. Tinataya kale amayi, sindikufuna kutsala ndi mpando ndi chibonga.

Ndipo chonde musalembenso za kachirombo kena kalikonse. Kalikonse kamene mwatchula kakusanduka mlandu wa munthu wanga. Mukadzatchula nsabwe ndiye amumeta.

Chitsiriza


1 Malichi

Achemwali,

Moni, ndipo khalani pansi. Bambo ali m'chipatala. Ali moyo, agona, botolo la madzi lili pamkono. Ndikulemba nditakhala pabenchi panja pa wodi.

Nditatumiza kalata ija ndinapita kumsika ndikulira. A Majekete anandikhazika pabelo n'kundipempha kuti ndiwauze zonse zimene munalemba, poti akuti munthu ayenera kudziwa mlandu wake. Ndinawauza za chiwindi, za khoma, za nyongolotsi ija. Ine ndinkati akwiya. Kenako anafunsa kuti, "Kodi bambo amamvera ndani?"

Ndinati palibe, kupatula mabwana a kukampani ya alonda.

"Ndiye nyongolotsiyo ili ndi nzeru," anatero. "Kungoti ine ndinavala za mwini nyumba. Ndimafunika kuvala za mwini wa mwini nyumba."

M'mawa uno pageti panaima takisi. Munatuluka munthu wa jekete labuluu, mabatani agolide mizere iwiri, zingwe zolendewera m'mapewa, kapusi yonyezimira, magalasi akuda. Ndevu anameta. Jeketelo ndikuganiza linali la oimba malipenga, chifukwa pathumba panali chithunzi cha lipenga, koma anabisapo ndi mabolopeni atatu. Buluku linali lalifupi. Ine ndinaluma nsalu kuti ndisaseke, uku misozi ikutsika.

Anagogoda geti ndi kandodo. "Mlonda ali pano ndani?"

Achemwali, munthu amene dzulo timachita kumutembenuza anaimirira yekha. Bulangete linagwa. Anapereka sawatcha, dzanja pachipumi.

"Kulikulu talamula kuti alonda onse akayezedwe magazi lero," anatero abwanawo, mawu atawakulitsa. "Wokana abweze yunifomu."

"Ndamva, bwana. Koma pano pali vuto. Pali kachirombo ka majekete kamazungulira geti lino."

"Tikukadziwa. Tili nako pafupi kwambiri."

"Nanga geti ndisiyira ndani?"

Abwana analoza azakhali. Bambo anaganiza pang'ono, n'kugwedeza mutu kuti asankha bwino. Anawapatsa chibonga ndi loko, n'kulowa m'takisi okha. M'njira yonse ankapereka lipoti la kachirombo, mtundu wa jekete lililonse, abwana akungoti "hmm". Anaphunzira kwa eni ake.

Kuno atawayeza, mnzanu wa mu labu anatuluka yekha kudzaona kuti mwini magaziwo ndi uti. Akuti tizirombo tinali ngati msika wa Loweruka. Adokotala anati tikanachedwa pang'ono bwenzi tikukamba zina, ndipo anandikalipira ine, ngati kuti ndine ndinali ndi loko.

Abwana akadali pano. Akulephera kuvula jeketelo poopa kuti bambo angadzuke, ndiye akungotuluka thukuta m'khonde. Alonda a pachipatala awapatsa kale sawatcha kawiri, ndipo mayi wina wawadandaulira za mzere wa mankhwala. Amulonjeza kuti aziona.

Mukabwera mubweretse sopo ndi thawulo lina.

Chitsiriza


12 Malichi

LIPOTI

Iwe Magalasi,

Moni. Ndatuluka. Mankhwala ndamaliza onse mpaka lomaliza, mng'ono wako ataima pamutu panga, kenako n'kundiuza kuti ndiyasamule aone kunsi kwa lilime. Nyumba ino ulemu unatha.

Anandionetsa kachirombo kako m'kachitoliro kaja. Ndinapempha ndekha. Kanthu kake n'kochepa, kokhala ngati mphete, kali phee m'kati mwa thumba ngati kalipira lendi. Jekete sindinalione. Mnzako anati silioneka ndi makina amenewo. Ndinati ndi mmene amakhalira akuba enieni. Ndavomera kuti unkanena malungo. Koma uvomerenso kuti unalemba mosokoneza.

Tsopano pali nkhani ikuyenda pano yoti ine ndinapusitsidwa ndi jekete la oimba malipenga. Azakhali ako akuikamba mpaka kutchalitchi. Ndikufuna zilembedwe bwino. Munthu uja ndinamuzindikira asanatseke n'komwe chitseko cha takisi. Makutu amene aja palibe kapusi ingawabise. Ndiponso chiyambire ntchito sindinaonepo bwana wa kulikulu wofika panyumba pa mlonda kudzafunsa za magazi ake. Amabwera kudzafunsa za tochi.

Ufunsa kuti nanga ndinaimiriranji. Ndikuuza iwe wekha, ndipo dalaivala ngati ukuwerenga, tseka. Geti la chipatala lija ndinalowapo ndi amako akuyenda okha, atanyamula kachikwama kawo, akundiuza kuti ndisaiwale kuthirira maluwa. Ndinatulukapo ndi kachikwamako. Chichokereni tsiku limenelo ndikafika pamsewu umene uja ndimawoloka tsidya lina. Sikuti sindinkadziwa kuti ndikudwala. Ndinkaopa, mwana wanga. Miyendo yangayi sikanandipititsa kumeneko ine nditaituma. Koma mlonda akalamulidwa amangopita, mantha amatsalira amene walamulayo. Ndiye nditaona munthu wameta ndevu zake, wavala buluku lofika m'akakolo, akutuluka thukuta pageti panga kuti andilamule, ndinati bwana ndi ameneyu, wina sabwera.

Izi usauze mng'ono wako. Iye akusangalala kuti anandipusitsa, musiye.

Mmene zinthu zilili panopa ndi motere. Kachirombo kamodzi katuluka, kena kalowa. Kali m'nyumba muno tsiku lililonse. Kasiya khoma la kuthanki, tsopano kamakhala pakhonde, ndipo dzulo ndinakapeza pampando wanga. Kakonza mpopi umene unkadontha. Azakhali ako, amene ndinkawadalira, anakapatsa tiyi m'kapu ya alendo. Galu sakuuwanso. Asilikali onse a pano agonja, ndatsala ndekha, ndipo nanenso ndavala jekete limene kanandibweretsera, lotuwa, la ubweya m'kati. Likundikwana.

Iwe ndiye katswiri wa zimenezi. Ufufuze m'mabuku ako ngati kachirombo kotere kali ndi mankhwala ake. Ukawapeza usunge komweko, usatumize.

Bambo wako